Realtime ikuonetsa ziro koma alendo akuimba foni: poyambira kufufuza

Dandaulo limene ndimalimva kawirikawiri kwa eni malo ogona alendo kuno ku Mangochi, kuyambira pa boma mpaka ku Monkey Bay ndi ku Chembe, ndi lakuti manambala a Google Analytics, chida cha Google chowerengera anthu obwera pa webusaiti, sakugwirizana ndi zimene akuona ndi maso. Wina amaika linki pa Facebook m'mawa, anthu n'kuyamba kuimba kufunsa mitengo ya zipinda, koma akatsegula lipoti la Realtime, loonetsa amene ali pa webusaiti panthawiyo, amapeza ziro. Wina amapezamo anthu ndithu, koma onse akuti ali ku Lilongwe ndi ku Blantyre, wa ku Mangochi mulibe ndi mmodzi yemwe. Zikatero foni imalira kwa ife okonza mawebusaiti: "Achimwene, chinthu chanu chija chafa kodi?"

Nthawi zambiri chimakhala chisanafe. Mavuto ake ali pawiri. Ena ndi akuti penapake pasokonekeradi, ndipo amakonzeka musanamalize kapu ya tiyi. Ena ndi chibadwa cha chidacho, moti ngakhale mulipire katswiri wochokera kuti, sadzawachotsa. Ndalama zambiri zimawonongekera pa gulu lachiwirili.

Google Analytics saona munthu. Pa tsamba lililonse la webusaiti pamaikidwa kachidutswa ka JavaScript kotchedwa tag. Foni ya mlendo ikatsegula tsambalo, iyenera kukoka kachidutswako, kukayendetsa, kenako n'kutumiza uthenga ku maseva a Google wonena kuti kwabwera munthu. Pakaduka pena paliponse pa ulendo umenewu, mlendoyo sawerengedwa ngakhale tsamba analiona. Zili ngati buku la mlonda wa pa geti ya loji: amalemba okhawo odutsa pa geti, koma amene afika pa boti n'kutsikira ku gombe m'bukumo mulibe, chikhalirecho chakudya adya ndipo chipinda alipira.

Ziro weniweni ndi ziro wonama

Lipoti la Realtime limaonetsa anthu amene achita chinachake pa webusaiti m'mphindi 30 zapitazi basi. Kwa loji ya zipinda khumi, kupeza ziro masana a Lachiwiri si matenda. Choncho musanaimbire aliyense, yesani nokha, koma muyese moyenera.

Bwerekani foni ya munthu wina, kaya wa ku khitchini kaya wa pa reception. Zimitsani Wi-Fi kuti igwiritse ntchito data ya m'foni momwemo, tsegulani webusaiti pa Chrome, n'kudina masamba awiri kapena atatu. Kenako yang'anani Realtime pa kompyuta yanu kwa mphindi imodzi kapena ziwiri. Foni ikhale ya wina chifukwa mawebusaiti ambiri a kuno ndi a WordPress, ndipo plugin (kapulogalamu kowonjezera pa webusaiti) ya Google yotchedwa Site Kit imabwera itatcheredwa kale kuti isamawerenge aliyense amene walowa ndi pasiwedi. Mwini wake amatsegula tsamba lake ali chilowere, osadziona, n'kuganiza kuti zonse zafa. Komanso browser yanu ikhoza kukhala ndi chotchinga malonda chimene munaika kalekale n'kuiwala.

Foni ija ikaoneka, tag ili moyo, pitani ku zigawo za m'munsizi. Ikapanda kuoneka, vuto lilipodi.

Choyamba, onani ngati tag ili pa tsambalo. Pa kompyuta dinani Ctrl ndi U kuti muone code ya tsamba, kenako Ctrl ndi F n'kufufuza "G-". Nambala yoyamba ndi G- imeneyi ndi Measurement ID yanu, ndipo iyenera kufanana chilembo ndi chilembo ndi imene ili mu Admin ya Google Analytics, pansi pa Data streams. Zikasiyana, ndiye kuti webusaiti ikutumiza manambala ku akaunti ina, mwina ya amene anaikonza poyamba, inu mukuyang'ana m'nyumba yopanda anthu. Mukapeza nambala yoyamba ndi UA- yokha, imeneyo ndi ya Universal Analytics, mtundu wakale wa chidachi, imene Google anaisiyitsa kulandira manambala pa 1 July 2023. Mawebusaiti amene anakonzedwa kale n'kusiyidwa osakhudzidwanso ali ndi vuto limeneli mpaka lero, ndipo mankhwala ake n'kutsegula property (malo osungira manambala a webusaiti yanu) ya Google Analytics 4 n'kuika tag yatsopano.

Mukapanda kupeza G- koma mwapeza nambala yoyamba ndi GTM-, ndiye kuti tag ikudutsira mu Google Tag Manager, chida china cha Google choikira ma tag pa webusaiti. Apa cholakwika chofala n'chakuti munthu anatchera zonse bwinobwino, anayesa pa Preview zikugwira, koma sanadine Submit kuti zisindikizidwe. Pa Preview zimagwira kwa iye yekha, kwa alendo ayi.

Ngati palibe chilichonse mwa zimenezi, dzifunseni chimene chasintha posachedwa. Tag ikaikidwa pamanja m'fayilo ya header.php, tsiku limene theme (mafayilo opatsa webusaiti maonekedwe ake) yalandira update fayiloyo imalembedwanso, tag n'kupita nayo limodzi. Mudzaona kuti manambala anagwa tsiku limodzi kuchoka pamwamba kufika pansi, osati pang'onopang'ono. Bwezeretsani tag, koma ulendo uno kudzera mu plugin kapena mu child theme, imene siilembedwanso theme yaikulu ikalandira update, kuti zisabwerezenso.

Nthawi zina tag imakhalapo, nambala ili yolondola, koma uthenga sukuchoka. Dinani F12, sankhani Network, lembani "collect" m'kabokosi kosefera, n'kutsegulanso tsambalo. Pakaoneka mzere wa collect woyankhidwa ndi 204, uthenga wafika kwa Google. Pakapanda kuoneka kanthu, kayikirani zinthu ziwiri. China ndi ma plugin othamangitsa webusaiti monga LiteSpeed Cache ndi WP Rocket, amene amatha kuchedwetsa JavaScript mpaka munthu atakhudza sikirini, kapena kupitiriza kupereka tsamba lakale lopanda tag. Chotsani cache (masamba akale amene plugin yasunga), ndipo muike tag ya Google pa mndandanda wa zosachedwetsedwa. China ndi kabokosi kopempha chilolezo cha ma cookie, timafayilo timene webusaiti imasiya mu browser kuti izindikire mlendo. Kakatcheredwa kuti tag idikire mpaka mlendo avomere, aliyense wokana kapena wongokanyalanyaza saoneka. Alendo ambiri a ku Cape Maclear ndi ochokera ku Ulaya, kumene lamulo la GDPR loteteza zinsinsi za anthu lakhala likugwira ntchito kuyambira 2018, choncho kabokosiko musakachotse pofuna kukweza manambala. Ingotsimikizani kuti munthu akadina kuvomera, collect ija ikuonekadi.

Za aliyense kukhala ku Lilongwe

Ili ndiye funso limene limatenga nthawi yaitali kulongosola, ndipo palibe chokonza. Google Analytics sagwiritsa ntchito GPS ya foni. Amangoyerekeza malo poona IP address, nambala imene foni kapena kompyuta imaonekera nayo pa intaneti. Amene ali pa data ya TNM kapena Airtel, kaya ali pa Makawa, kaya ku Namwera, kaya m'basi pa mlatho wa Bakili Muluzi, uthenga wake umayenda m'netiweki ya kampaniyo mpaka kukatulukira pa makina akuluakulu a kampaniyo, ndipo IP imene dziko limaona ndi ya kumeneko. N'chifukwa chake mzinda umatuluka Lilongwe kapena Blantyre, apo ayi pamangolembedwa kuti not set.

Tanthauzo lake n'lakuti mzere wa dziko mukhoza kuudalira ndithu, koma wa mzinda, kwa anthu a m'Malawi muno, musapangirepo chiganizo cha ndalama. Ndamvapo eni malo akunena kuti asiya kutsatsa kwa anthu a ku Mangochi ndi ku Zomba chifukwa lipoti likuti onse ofuna malo awo ali ku Lilongwe. Lipotilo silinanene zimenezo. Ngakhale mzere wa dziko umapotoka pang'ono: wogwiritsa ntchito VPN, pulogalamu yodutsitsa intaneti ku seva ya kwina, amaoneka ngati ali ku Netherlands kapena ku America, ndipo mlendo amene akuyendera SIM ya kwawo amatha kuoneka ngati adakali kwawo pamene wakhala pa mchenga pa loji yanu pomwepo. Opera Mini nayo, imene ambiri amaikonda chifukwa chosunga data, ikakhala pa Extreme imayamba yadutsitsa tsamba ku maseva ake, ndipo kuwerenga kumasokonekera.

Nkhani ya IP yomweyi ili ndi msampha woopsa. Malangizo ambiri a pa intaneti amati muchotse maulendo a antchito anu polemba IP ya ofesi pa Define internal traffic. Zimenezo zimayenda kwa amene ali ndi IP yokhazikika. Loji zambiri kuno zimadalira MiFi kapena rauta ya SIM, ndipo IP yake imasintha, mwina magetsi akangozima n'kuyakanso. Choipa kwambiri n'chakuti pa netiweki ya mafoni IP imodzi imagawidwa kwa anthu ambiri nthawi imodzi. Mukaitchinga, mukhoza kutchinga ndi makasitomala omwe, inu mawa lake n'kukhala muli pa IP ina mukuwerengedwabe. Ndipo data filter, sefa yochotsa maulendowo, ikaikidwa pa Active, zimene yataya zatayika, sizibwereranso. Ngati munapeza filter yotere itaikidwa kale, ibwezeni pa Testing kapena pa Inactive. Njira yabwino kwa ife ndi kuika Google Analytics Opt-out Browser Add-on pa kompyuta ya pa reception, n'kusiya Site Kit ipitirize kusawerenga olowa ndi pasiwedi.

Facebook ikuti ambiri, Analytics ikuti ochepa

Tinene kuti mwalipira malonda, Facebook ikuti linki yadinidwa ka 200, koma Analytics yaona anthu osafika theka. Palibe amene akunama. Facebook imawerenga chala chikakhudza linki, pamene Analytics imawerenga tsamba likatseguka mpaka tag kuyenda. Pakati pa ziwirizi pali phompho, ndipo kuno phompholo ndi lalikulu.

Ganizirani mayi amene wagula bandulo ya Facebook yokha kapena ya WhatsApp yokha. Waona chithunzi cha chambo chowotcha ndi nyanja kumbuyo kwake, wakopeka, wadina. Bandulo yake siitsegula masamba ena, ndiye amangoona sikirini yoyera, n'kubwerera. Facebook yamuwerenga, inu simunamuone. Wina data ali nayo, koma netiweki ili pa kadontho kamodzi, ndipo tsamba lanu loyamba lanyamula zithunzi khumi ndi ziwiri zochokera mu kamera osazichepetsa, chilichonse cha ma megabyte angapo. Kamzere ka pamwamba kamayenda pang'ono, n'kuima. Amadikira, n'kuona kuti data ikutha pachabe, n'kutseka.

Za bandulo simungazisinthe, koma mukhoza kulemba mtengo ndi nambala ya WhatsApp mu post momwemo kuti munthu wotere akupezenibe. Za zithunzi ndi zanu. Ikani adiresi ya webusaiti pa PageSpeed Insights, muyang'ane zotsatira za Mobile osati za Desktop, muchepetse zithunzi n'kuzisandutsa WebP. Pa zonse zimene zili m'nkhani ino, ichi chokha ndi chimene chimawonjezera alendo enieni, zinazi zimangokonza kawerengedwe.

Direct wadzaza, WhatsApp sakuoneka

Malonda ambiri a ku nyanja amayenda pa WhatsApp: pa status, m'magulu a ku ntchito okonza ulendo wa pa holide, m'magulu a ukwati. Koma mukatsegula Traffic acquisition, lipoti loonetsa kumene alendo achokera, WhatsApp simuipeza. Chifukwa chake n'chakuti linki ikatsegulidwa kuchokera mu pulogalamuyo, kawirikawiri sinena kumene yachokera, ndiye Google amaiponya mu Direct, pamodzi ndi amene analemba okha adiresi. Kunena zoona, ndi anthu ochepa kwambiri amene amalemba pamanja adiresi yaitali ya tsamba la mitengo. Direct wambiri wofikira pa tsamba la mkati ndi WhatsApp ameneyo.

Mankhwala ake ndi kumata chizindikiro pa linki musanaitumize. Kumapeto kwa adiresi onjezerani izi:

?utm_source=whatsapp&utm_medium=social&utm_campaign=khirisimasi

Campaign URL Builder ya Google imakulumikizirani zimenezi kwaulere ngati simukufuna kulemba pamanja. Linki yotere ikatumizidwa kuchokera gulu lina kupita lina, chizindikirocho chimayenda nayo. Lembani zilembo zazing'ono nthawi zonse, chifukwa WhatsApp ndi whatsapp zimatuluka ngati mizere iwiri yosiyana. Pa utm_medium musapeke mawu anuanu monga "gulu", chifukwa Google akapanda kuwazindikira amatha kuwaika mu Unassigned, mwangochoka m'dzenje lina kugwera lina. Musamate zizindikirozi pa malinki a mkati mwa webusaiti yanu yomwe. Mukamaliza, yesani linkiyo pa foni n'kuona ngati chizindikirocho chikadalipo tsamba litatseguka, poti mawebusaiti ena akamasamutsa munthu kuchoka pa http kupita pa https, kapena kuchotsa www, amachidula panjira. Chimodzimodzi QR code ya pa menyu kapena pa chikwangwani cha pa msewu wopita ku Monkey Bay: ipatseni chizindikiro chakechake.

Manambala akachuluka mokayikitsa

Kuchuluka nako ndi vuto, ngakhale palibe amene amaimba foni kudandaula. Views zikangowirikiza kawiri tsiku limodzi anthu ali omwewo, tag yaikidwa kawiri, mwina mu Site Kit komanso mu theme, kapena mu Tag Manager. Lumikizani webusaiti ku Tag Assistant, muyang'ane mu DebugView: page_view iwiri pa tsamba limodzi ndiwo umboni. Chotsani imodzi.

Mukadzuka n'kupeza khamu lochokera mzinda umodzi wakunja, onse atakhala masekondi ziro ndipo palibe wadina kanthu, amenewo ndi maloboti, mapulogalamu otsegula masamba okha popanda munthu. Ashburn wa ku Virginia amaonekaoneka m'malipoti ambiri chifukwa kumeneko kuli nyumba zambiri za maseva, osati chifukwa anthu ake akulakalaka kudzaona mbuna ku Thumbi. Google amachotsa yekha maloboti odziwika, koma ena amadutsabe. Pa lipoti lanu ingowasefani potengera mzinda kapena dziko.

Pa chifukwa chomwechi, musayerekeze Analytics ndi AWStats, chowerengera cha mu cPanel ya hosting yanu. AWStats imawerenga kuchokera pa seva, kumene kumafika chilichonse, maloboti ndi otchinga malonda omwe, ndiye nambala yake imakhala pamwamba pafupifupi nthawi zonse. Ntchito yake ndi imodzi yabwino: Analytics ikagwa mwadzidzidzi AWStats ili chiimire, dziwani kuti yafa ndi tag, webusaiti ili bwino. Zikagwa zonse ziwiri, onani ngati hosting kapena domain sinathe.

Tiwiri tating'ono. Ngati lipoti likuonetsa kuti anthu amachuluka pakati pa usiku, onani Reporting time zone mu Property details. Malawi ali pa GMT+2, ndipo property ikasiyidwa pa nthawi ya Los Angeles imatsalira ndi maola 9 kapena 10 malinga ndi nyengo. Kusinthako kumakhudza za m'tsogolo zokha. Ndipo ngati Realtime inaonetsa anthu lero koma malipoti enawo alibe, dikirani, poti amatha kutenga maola 24 mpaka 48 kuti akhazikike.

Pali kusiyana kwina kumene kudzakhalapobe ngakhale mukonze zonsezi. Brave ndi ma browser okhala ndi uBlock Origin amatchinga tag ya Google. Safari ya pa iPhone imafupikitsa moyo wa ma cookie otere kufika masiku 7, choncho mlendo wa ku London amene amabwera pa webusaiti kamodzi pa milungu iwiri pokonzekera ulendo wake amawerengedwa ngati watsopano ulendo uliwonse. Ena amasamukira ku Matomo, Plausible kapena Cloudflare Web Analytics poganiza kuti kumeneko manambala ndi athunthu. Zida zimenezi ndi zabwino, zina n'zopepuka pa netiweki yofooka, koma chilichonse chili ndi kawerengedwe kake, ndipo mukaika ziwiri mudzangokhala ndi manambala awiri osagwirizana.

Chimene ndimatchera pa webusaiti ya loji

Kuyang'anitsitsa Realtime tsiku lonse kumakoma, koma phindu lake lenileni ndi pa kuyesa: mwaika tag, mwatumiza linki, mukufuna kudziwa ngati zikugwira. Nambala yofunika kwa mwini loji ndi ya anthu amene adina batani la WhatsApp kapena kutumiza fomu yosungitsa chipinda. Enhanced measurement ikakhala yoyatsidwa mu Data streams, kudina linki yotuluka kupita ku wa.me, adiresi ya malinki a WhatsApp, kumalembedwa ngati event (chochitika) yotchedwa click. Kuchokera pamenepo pangani event yanuyanu ya okhawo opita ku wa.me, muitche dzina lomveka, n'kuiika kukhala key event, kutanthauza chochitika chofunika pa bizinesi yanu. Mukatero Traffic acquisition idzakuuzani njira imene ikubweretsa ofunsa zipinda, osati ongodutsa.

Pa fomu samalani chinthu chimodzi. Mafomu ena akatumizidwa amaika dzina, imelo ndi nambala ya foni ya mlendo mu adiresi ya tsamba lothokoza, ndipo adiresiyo imapita yonse kwa Google. Malamulo a Google Analytics amaletsa zimenezi, komanso dziko lathu lili ndi Data Protection Act ya 2024 yoteteza zinsinsi za anthu. Tumizani fomu yoyesera, muyang'ane adiresi imene yatuluka. Mukaonamo imelo, uzani wokonza webusaiti asinthe fomuyo kuti izitumiza ndi POST osati GET.

Lowaninso mu Data retention, nthawi imene Google amasunga tsatanetsatane wa maulendo a alendo. Imabwera ili pa miyezi 2, ndipo mukaisiya choncho, mu Explore, gawo lopangira malipoti anuanu, simudzatha kuyerekeza Khirisimasi ino ndi yapitayo. Ikwezeni kufika pa miyezi 14 lero lomwe, chifukwa zimene zafufutika kale sizibwerera. Muli momwemo, tsegulani Property access management muone ngati imelo yanu ili ndi udindo wa Administrator. Ngati pali imelo ya wokonza webusaiti yokha, mupempheni akuwonjezereni mukadali pa ubale wabwino, ndipo imelo yake ikhale ya bizinesi, osati ya wantchito amene angachoke nyengo ya alendo ikatha.